Mbuzi ikathyoka mwendo: muimange kapena muiphe, ndipo mumange bwanji

Mbuzi yothyoka mwendo imakupatsani tsiku limodzi lokha loti muganize. Tsiku lomwelo musankhe ngati muimange kapena muiphe. Ine ndimaweta mbuzi kuno ku Ntcheu, ndipo zimene ndaona kwa alimi anzanga n'zakuti ambiri amataya mbuzi chifukwa chozengereza pakati pa ziwirizi. Munthu amanga mwachisawawa, abaya jakisoni wogula pamsika, ndiye pakutha pa sabata mwendo wayamba kununkha. Zikafika apo mbuzi sichira, nyama yakenso sidyeka, mwini wake amangotsala ndi chikopa.

Mukaipeza ikulendewetsa mwendo, musaithamangitse. Mbuzi ya miyendo itatu imathamangabe, ndipo ikamadumpha nsonga ya fupa imacheka mnofu mkati, mwinanso kuboola khungu lomwe linali labwinobwino. Itanani munthu wina, muitsekereze pakona kapena muinyengerere ndi madeya, kenako muinyamule, dzanja lina pachifuwa lina kumbuyo kwa ntchafu, mwendo wovulalawo uli kunja. Ngati kunyumba n'kutali, yalani thumba muwilibala. Panjinga ayi.

Igonekeni chammbali pamphasa, mwendo wothyoka uli pamwamba. Mnzanuyo agwire mutu ndi phewa, ndipo aphimbe maso a mbuziyo ndi kansalu, chifukwa ikapanda kuona imadekha. Musaigoneke chotero nthawi yaitali: mbuzi ikagona chammbali mpweya umadzadza m'mimba. Chitani zimene mukuchitazo mwachangu, mukatha muikhazike chogonera pachifuwa.

Yambani ndi kutsimikiza kuti kwathyokadi. Mbuzi yobayidwa ndi minga, kapena imene ziboda zaola ndi matope a dzinja, imatsimphina koma imapondako pang'ono. Yothyoka siponda n'komwe. Yendetsani zala kuchokera kuchiboda kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono. Pamene pathyoka pamatupa, mwendo umapindika malo amene palibe mfundo, ndipo mumamva kukhetekheta kwa mafupa pansi pa zala. Mukamva kamodzi kwakwana, musamabwereze kuti aliyense wobwera kudzaona amve nawo. Kenako patulani ubweya mbali zonse, muone ngati pali bala. Kabowo kakang'ono kotuluka magazi pafupi ndi pothyokapo musakapeputse. Kawirikawiri ndi pamene fupa linatulukira n'kubwereranso mkati, litatenga dothi. Pomaliza gwirani chiboda, muyerekeze ndi cha mwendo winawo. Ngati n'chofunda ndipo mbuzi ikudzidzimuka mukatsina pakhungu la pamwamba pake, magazi ndi mitsempha zili bwino. Ngati chazizira ndipo sikumva kanthu, mwendo umenewo uli pangozi yaikulu.

Malo amene fupa lathyokera ndiwo amalamula zonse. Fupa lalitali lowongoka la pakati pa chiboda ndi bondo la mwendo wakutsogolo, kapena pakati pa chiboda ndi mfundo yosongokera kumbuyo ya pakati pa mwendo wakumbuyo, ndilo limathyoka kawirikawiri, ndipo mwamwayi ndilonso losavuta kumanga. Ngati khungu silinabooke, mbuzi yotere ndimaimanga mosakayika, makamaka ikakhala yaing'ono. Kamwana ka mbuzi fupa lake limagwirana m'masabata 3 kapena 4. Mbuzi yaikulu imafuna masabata 6 mpaka 8, yokalamba kupitirira apo.

Fupa lotsatira, la pamwamba pa bondo kapena pamwamba pa mfundo yosongoka ija, ndi lovutirapo. Limafuna chomangira chachitsulo chokhala ndi mkombero umene umalowa mpaka m'mphechepeche, chimene madokotala a ziweto amachitcha Thomas splint. Wowotcherera zitsulo akhoza kuchipanga ndi kachitsulo kozungulira kopyapyala, koma muyeso wake atenge ndi munthu wodziwa ntchitoyi, apo ayi mkomberowo umacheka khungu.

Fupa la m'ntchafu ndi la m'phewa musayese n'komwe kulimanga ndi nsungwi. Lili mkati mwa mnofu wambiri, chomangira sichiligwira, m'malo mwake chimangowonjezera kulemera kumunsi n'kumakoka pothyokapo. Kambuzi kakang'ono kopepuka nthawi zina kamachira mukangokatsekera pamalo opanikiza osakamanga, ngakhale mwendo umafupikirako. Mbuzi yaikulu yothyoka ntchafu, kapena imene ikukhwekhwereza miyendo yonse yakumbuyo chifukwa galimoto yaiwomba pamsana, monga zimachitikira m'mbali mwa msewu wa M1 muno, imeneyo ipheni tsiku lomwelo. Kuisunga n'kuizunza.

Pamene ndimaganiza kwambiri ndi pamene fupa latulukira kunja. Apa mdani wamkulu ndi tizilombo tolowa m'fupa, ndipo fupa likayamba kuchita mafinya siligwirana. Ngati zangochitika maola ochepa apitawo, bala ndi laling'ono, fupa lathyoka pawiri osati kuphwanyikaphwanyika, ndiponso mlangizi wa ziweto akhoza kufika lero, mukhoza kuyesa. Ngati mbuzi inasowa dzulo ndipo mwaipeza lero fupa lili pamtunda lauma, ntchentche zikuzungulira, ine sindimayesa. Funso lina n'lakuti mbuziyo ndi yotani. Mkota umene umabereka mapasa, msoti wa bere, kapena tonde wa mtundu wa Boer amene munagula modula, ndi zoyenera kuzivutikira miyezi iwiri. Yothena imene mumafuna kale kugulitsa pa Khirisimasi, mukaisunga imangoonda, ndipo ndalama za mankhwala sizibwerera. Madokotala amathanso kudula mwendo, ndipo mbuzi zathu zachikudazi, poti n'zopepuka, zimayenda ndi miyendo itatu. Koma imeneyo ndi ntchito ya dokotala wokhala ndi mankhwala ogonetsa, osati ya chikwanje.

Mlangizi wa ziweto amapezeka ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ija timati EPA. Muimbireni musanachite china chilichonse, ndipo ngati foni yanu ili ndi kamera mutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Alangiziwa ndi ochepa ndipo dera lawo ndi lalikulu, choncho konzekani kumuthirira mafuta a njinga yamoto. Ngakhale akanena kuti abwera mawa, mwendo usagone osamangidwa.

Mfundo imene anthu ambiri saiganizira nayi: musabaye mankhwala musanasankhe. Mankhwala opha tizilombo amakhala m'nyama masiku ambiri. Oxytetracycline wokhalitsa m'thupi uja amafuna mudikire masabata atatu kapena anayi musanadye nyama, ndipo masiku enieni amalembedwa pabotolo. Mukabaya lero n'kusintha maganizo mkuja, nyamayo simungadye, simungagulitsenso kwa a kanyenya ndi mtima woyera.

Kumanga kwake

Sonkhanitsani zonse musanagwire mbuzi. Pakufunika zofewa zoyala mkati, zolimba zochirikiza, ndi zokulungira. Zofewazo zikhoza kukhala thonje, bulangete lakale lochapa bwino kapena siponji yopyapyala ya matiresi. Zolimbazo, ine ndimakonda paipi yapulasitiki ya madzi, ya mamilimita 40 kapena 50 pa mbuzi yaikulu, yocheperapo pa kamwana, yodula pakati m'litali kuti ikhale mbali ziwiri. Ndi yopepuka, siola, ndipo mukaiyandikiza pamoto imafewa n'kupindika mmene mukufunira. Popanda paipi, nsungwi youma yong'amba imagwira bwino ntchito. Ipaleni m'mbali ndi mpeni kuti isacheke, nsonga zake muzizungulize ndi kansalu. Zokulungira ndi bandeji wa kufamase kapena chitenje chong'amba timizere ta zala zitatu m'lifupi, ndi tepi womata wolimba.

Musamange ndi mphira wa chubu cha njinga, linya kapena waya. Mphira umapitiriza kufinya usiku wonse mpaka magazi kuleka kuyenda. Luzi lauwisi nalonso ndi loipa, poti likamauma limakokana. Miyendo yambiri imene ndaiona itaola sinaole chifukwa cha kuthyokako, inaola chifukwa chomanga mothina popanda choyala mkati.

Ngati pali bala, yambani ndi limenelo. Metani ubweya mozungulira. Wiritsani madzi, aziziritseni, ndipo pa theka la lita musungunulemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Thirani madzi ambiri, malita awiri kapena kuposa, ndi sirinji yopanda singano kapena botolo loboola pachitsekero, mpaka dothi lonse litachoka. Ayodini wochepetsedwa mphamvu ndi madzi mpaka kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka amathandiza. Phimbani ndi kansalu koyera kowiritsa kapena kosita. Oilo wakuda wa galimoto, zakuda za m'batire, phulusa, ndowe kapena dothi la pachulu zisayandikire bala. Kachilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo, ndipo mbuzi sizichedwa kugwidwa nako.

Tsopano kuwongola. Mnzanu agwire mwendo pamwamba pa pothyokapo. Inu gwirani kumunsi, mukoke pang'onopang'ono molunjika, osatsomphola, mpaka mutamva mnofu ukulolera ndipo mwendo watalika mofanana ndi unzake. Yang'anani chiboda: chiloze kutsogolo monga chinzake. Fupa likagwirana chiboda chitapotokera kunja, mbuzi idzayenda chopotoka moyo wake wonse. Musalimbane ndi kufuna kuti nsonga za mafupa zikumane ndendende. Zikangokhudzana ndipo mwendo wawongoka, thupi limamaliza lokha. Kuwongolaku kumapweteka kwambiri, ndiye ngati mlangizi alipo ndi mankhwala oziziritsa ululu kapena ogonetsa, msiyireni iyeyo.

Wina akugwirabe mwendo chokoka, ikani kathonje pakati pa ziboda ziwiri ndi pansi pa tiziboda tating'ono ta kumbuyo tija, poti ndi pamene zilonda zimayambira. Kenako kulungani zofewa kuchokera pachiboda kukwera m'mwamba, mochindikala ngati chala chachikulu mbali zonse, ndi kuwonjezera pamene mafupa atumphuka monga pabondo. Zofewazo zipitirire pang'ono pamene paipi kapena nsungwi idzathere, kumtunda ndi kumunsi komwe. Zigwireni ndi mzere umodzi wa bandeji.

Lamulo la chochirikiza n'lakuti chigwire mfundo ya kumunsi ndi mfundo ya kumtunda kwa pothyokapo. Anthu ambiri amadula timitengo tatifupi n'kumanga pothyoka penipenipo basi, ndiye mbuzi ikapinda bondo mafupa amasuntha. Pa mwendo wakutsogolo, paipi iyambire pachiboda, idutse bondo, ikathere pafupi ndi chigongono. Pa mwendo wakumbuyo iyambire pachiboda mpaka kupitirira mfundo yosongoka ija, ndipo poti pamenepo mwendo ndi wopindika, paipi yofewetsa pamoto imaposa nsungwi. Iziziritseni kaye musanaiike. Mbali imodzi ya paipi ikhale kumbuyo ina kutsogolo, kapena nsungwi zitatu kapena zinayi mozungulira. Kumunsi chochirikizacho chifanane ndi pansi pa chiboda kapena kupitirira pang'ono chabe, kuti mbuzi ikaponda kulemera kuzipita m'paipi.

Kulungani kuchokera pansi kupita m'mwamba, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Kulimba kwake kukhale koti chochirikiza sichikuzungulira kapena kutsetsereka mukachigwedeza, koma chala chimodzi chikulowa kumtunda pakati pa thonje ndi khungu. Siyani nsonga za ziboda zikuoneka. Malizani ndi tepi, chifukwa mbuzi imatafuna nsalu iliyonse yolendewera.

Mlangizi akakhala ndi chikhakha cha pulasitala ngati cha kuchipatala, n'chabwino kuposa zonsezi pa fupa losatuluka kunja. Chimangodana ndi madzi ndi mkodzo. Pa mwendo wa bala ndimakonda paipi, poti bala limafunika kulitsegula ndi kulitsuka, tsiku lililonse poyamba, kenako patalipatali likayamba kuuma.

Masabata otsatira

Mbuzi yomanga isabwerere m'khola la m'mwamba, ndipo isakhale ndi zinzake. Ipangireni kamalo kake pansi, pouma, pamthunzi, ka mita imodzi ndi theka mbali zonse, kokwana kuimirira, kutembenuka ndi kugona basi. Yalani udzu wouma wambiri ndipo muzisintha ukanyowa. Musaimangirire chingwe. Ngati n'kotheka kamaloko kakhale poti izitha kuona zinzake, chifukwa mbuzi ikakhala yokhayokha imalira mpaka kusiya kudya. Mkota woyamwitsa ukhale ndi ana ake, ndipo kamwana kothyoka kakhale ndi mayi wake kapena muzikapititsa kukayamwa kangapo patsiku. Kumbukiraninso afisi ndi agalu usiku.

Masiku atatu oyamba ndi amene mwendo umatupa kwambiri, choncho muziuona m'mawa ndi madzulo. Gwirani nsonga za ziboda. Zikazizira, zikatupa n'kutalikirana, kapena mbuzi ikayamba kuluma chomangiracho mosalekeza, masulani nthawi yomweyo mumangenso momasukirapo. Nunkhizani kumtunda kwa bandeji tsiku lililonse: mphuno imadziwa msanga kuposa maso. Fungo loipa, chinyezi chotulukira kunja kapena ntchentche zambiri zikutanthauza chilonda kapena mphutsi mkati. Kutupa kukaphwa, patatha sabata, chomangira chimakhwepa, ndiye chimafunika kumanganso, anthu awiri, wina atagwira mwendo kuti usasunthe. Kamwana kamakula msanga, kotero kamasuleni n'kukamanganso masabata awiri aliwonse, apo ayi chomangira chimakathina.

Yang'ananinso mbuzi yonse, osati mwendo wokha. Imene ikudya, kubzikula ndi kuchita ndowe zake zamibulu ili panjira yabwino. Ambiri amadabwa kuona kuti pakatha masiku ochepa imayamba kupondera paipi. Imene yasiya kubzikula, yagwetsa makutu ndipo ikukukuta mano ikumva ululu kapena yatentha thupi. Kutentha kwabwinobwino kwa mbuzi ndi madigiri 38.5 mpaka 40. Ikauma thupi, miyendo n'kuwongoka gwa, nsagwada kukanika kutsegula, ndi kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, ameneyo ndi kafumbata, amene amaonekera patatha masiku angapo mpaka masabata atatu, ndipo zochira ndi zochepa. N'chifukwa chake pa bala lililonse lakuya ndimafunsa mlangizi ngati ali ndi jakisoni woteteza kafumbata.

Za mankhwala, pa fupa lotuluka kunja alangizi amabaya penicillin wosakaniza ndi streptomycin masiku angapo motsatizana, kapena oxytetracycline, ndipo pa ululu pali meloxicam ndi flunixin. Muyeso umatengera kulemera kwa mbuzi, ndipo zathu zachikuda zambiri zimalemera makilogalamu 20 mpaka 30 basi, choncho kungoyerekeza ndi maso n'kosavuta kupyola muyeso. Fupa limene silinaboole khungu n'komwe silifuna mankhwala opha tizilombo ayi. Makapisozi a anthu musaimwetse mbuzi yaikulu. M'chifu mwake muli tizilombo tabwino timene timagaya udzu, ndipo makapisoziwo amapha timeneto, mbuzi n'kuyamba kutsegula m'mimba.

Chakudya muzichita kuibweretsera, ndipo muzichimangirira m'mwamba pang'ono, poti mbuzi sikonda kudya zopondedwa. Fupa limafuna laimu wa m'zakudya ndi zomanga thupi, zimene zimapezeka m'masamba a nandolo, lukina, gilisidiya, zotsalira za mtedza ndi nyemba za msangu. Sakanizani ndi nsenjere kapena udzu wina, lukina asakhale yekhayekha. Madeya muziipatsa dzanja limodzi kapena awiri patsiku. Anthu amaithirira madeya beseni lonse pomvera chisoni, koma madeya ambiri amawawasa m'mimba, ndipo kwa atonde ndi zothena amayambitsa timiyala totseka mkodzo. Madzi oyera asasowe, ndi kamchere pang'ono. Yabere imene yatsala pang'ono kuswa muisamale koposa: ikangokhala masiku awiri osadya bwino imafooka msanga, makamaka ikakhala ndi mapasa.

Nthawi ikakwana, masulani mugwire pothyoka paja. Muyenera kumva chotupa cholimba chozungulira fupa, chosapweteka, ndipo mukayesa kupinda pang'ono pasagwedere. Chotupacho ndi fupa latsopano, chimaphwa chokha pakapita miyezi. Pakagwederabe, mangani masabata ena awiri. Pakapitirira miyezi itatu pakugwederabe kapena pakutuluka mafinya, sipagwiranso. Mwendo wongomasula umaoneka wowonda ndi wouma mfundo, ndipo mbuzi imatsimphina kwambiri masiku oyamba, zimenezo zisakuopseni. Ikhalebe m'kamalo kake masabata ena awiri, kenako izidya pafupi ndi nyumba pamalo athyathyathya isanabwerere kudambo ndi zinzake. Msoti kapena mkota musaupititse kwa tonde mpaka utayamba kuponda bwinobwino.

Mukasankha kupha, iphani msanga, pamalo pomwe ili, osaiyendetsa kupita kumsika ndi mwendo wolendewera. Nyama ya mbuzi yongothyoka kumene ndi yabwino, mumangodula n'kutaya pamene pavulalapo ndi magazi oundana. Ya mbuzi yotentha thupi, ya mwendo wonunkha, kapena yobayidwa mankhwala masiku asanakwane, ikwirireni. Ogula nyama akadziwa kuti mwapanikizika amatsitsa mtengo kwambiri, ndiye nthawi zina kuli bwino kugawa mulumulu kwa anansi, olipira pakutha pa mwezi. Ngati mbuziyo ndi ya pulogalamu yopatsirana, dziwitsani komiti musanaiphe, aione ndi maso awo. Ngati waithyola ndi munthu amene anaigenda italowa m'munda mwake, jambulani chithunzi, muitane mboni, nkhaniyo mukakambe kwa amfumu pambuyo pake. Ndaonapo mbuzi ikugona pabwalo tsiku lonse osamangidwa, eni ake akudikira mlandu.

Mbuzi ikakhala kuti yathyokera m'khola, kwerani mukayang'ane pansi pake. Mipata ya pakati pa mitengo yoyala ikhale ya sentimita imodzi ndi theka, yongokwana chala, kuti ndowe zizigwa koma chiboda cha kamwana chisalowe. Mitengo yofumbwa ndi yogwedera muichotse, makwerero muwakhomere timitengo topingasa. M'dzinja, pamene mbuzi zimakhala pachingwe kuopa minda, mangani m'khosi ndi mfundo yosathina osati kumwendo, ndipo chikhomo chikhale kutali ndi zitsa ndi zikhomo za mbuzi zina.